Mwagula chiyani posachedwapa? Tikukonza ulendo wa panjinga wa Salima mpaka Nkhotakota

Mpalasi_wa_Senga
Moni nonse a pagulu. Mvula yatha, misewu yafumbi yayamba kuuma, ndipo enafe tikukonza zopalasa kuchokera ku Kamuzu Road mpaka ku Nkhotakota, kukagona komweko, mwinanso n'kupitirira mpaka ku Dwangwa. Ndiye ndati tiuzane zomwe tagula posachedwapa, komwe tazipeza, komanso ngati zikugwiradi ntchito. Ndiyambe ndine. Alamu anga pochokera ku Joni anandibweretsera zikwama ziwiri za Ortlieb zopachika pakaliyala. N'zogwiritsidwapo kale ntchito koma zilibe bowo ngakhale limodzi. Zilibe zipi, mumangopinda pakamwa katatu n'kutseka ndi chomangira. Ndinaikamo nyuzipepala n'kuzikhuthulira ndowa ya madzi, pepala linatuluka louma. Vuto langa ndi kaliyala. Zokowera za zikwamazi zimagwira chitsulo chosapitirira mamilimita 16, pomwe kaliyala yanga anaiwotcherera kuno ndi paipi yonenepa. Ndichite bwanji? Chachiwiri, tenti ndilibe. Amene munagulapo tithandizeni maganizo.

Fundi_Masipoko
Achimwene, kaliyalayo musaitaye. Pitani nayo kwa owotcherera akaike kachitsulo kena ka mamilimita 10 kapena 12 mbali zonse ziwiri, m'munsi pang'ono mwa paipi yapamwambayo. Zikwama muzikoweka pamenepo. Mupindula pawiri: katundu atsika ndiye njinga siigwedezeka, ndipo pamwamba pa kaliyala patsala malo omangapo tenti. Koma mupite ndi njinga yonse ndi chikwama chimodzi, muyese chidendene chisamagunde chikwama popalasa. Akayeza ndi maso okha mubwererako kawiri.

Kabaza_KamuzuRoad
Mabwana, ine ndimanyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi malegeni awiri basi, kuchoka pa Kaphatenga mpaka m'tauni. Zikwama za ku Germany n'zachiyani? Ndalama imeneyo mukanagula matayala awiri atsopano ndi tcheni, n'kutsalanso ya nsima.

Mpalasi_wa_Senga
Sindikutsutsa akulu, malegeni ndimayenda nawo nthawi zonse. Koma thumba la chimanga mumalimanga kamodzi n'kukalimasula pofika. Ine paulendo ndimafuna pampu, kenako botolo, kenako foni. Kumasula malegeni nthawi iliyonse kumatopetsa, ndipo katundu akakhala pamwamba penipeni, pamchenga njinga imakukokera pansi.

Kabaza_KamuzuRoad
Za mchengazo ndavomera. Njira ya ku Lifuwu yagwetsapo anthu ambiri.

Chemwali_wa_Chia
Ine zanga n'zosokedwa kuno komwe. Ndinagula chidutswa cha lona wakale wa galimoto ya katundu, n'kupita nacho kwa telala wina pa boma amene amasoka zikwama za ana a sukulu. Ndinadula katoni molingana ndi mpata wapakati pa felemu, ndiye iye anangotsatira katoniyo. Anandisokera chikwama chokhala m'kati mwa felemu ndi china chozungulira chomanga kuhandulo. Zomangira tinachotsa pa zikwama zakutha za pakaunjika. M'chikwama cha pafelemu ndimaikamo zolemera: masipanala, chubu, mtedza, shuga. Njinga imayenda bwino kwambiri kulemera kukakhala pakati. Posokapo pamalowa madzi, sindibisa, ndiye zovala ndi foni ndimayamba ndaziika m'jumbo. Chinang'ambika pakona tsiku lina pa Benga, wosoka nsapato wa pamsika anachisoka ndili chiimire. Cha Ortlieb chikang'ambika pa Benga mupita nacho kwa ndani?

Mpalasi_wa_Senga
Achemwali, chimamatika ndi chigamba ngati chubu. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi chokowera chapulasitikicho, chikathyoka ndiye mpaka wina apitenso ku Joni.

Fundi_Masipoko
Funso la achemwaliwo ndi lomwe ndimafunsa aliyense wobwera ndi njinga yatsopano pashedi panga. Kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita opitirira 100, ndipo pa malo ogulitsira ambiri mupeza mmisiri wa njinga pansi pa mtengo. Koma mmisiriyo ali ndi zipangizo za njinga za kabaza. Ndiye musanagule chilichonse dzifunseni ngati iye angachikonze.

Nkhani ya matayala ndi yomwe imasokoneza anthu kwambiri. Njinga zakuda zija za kabaza tayala lake amalemba 28 x 1 1/2, ndipo limu yake ndi mamilimita 635. Njinga zambiri zochokera ku Ulaya nazonso ena amazitchula 28, koma ndi 700c, limu yake ndi 622. Tayala la kabaza silingagwire pa limu imeneyo ngakhale mutalikakamiza bwanji. Za 29 nazonso ndi 622 yemweyo, kungoti tayala lake ndi lonenepa. Za 27.5 ndi 584, za 26 ndi 559. Yang'anani manambala olembedwa m'mbali mwa tayala lanu, monga 47-559, muwalembe mufoni. M'njira muno 26 ndi 28 ya kabaza ndi zomwe zimapezeka mosavuta. Amene muli ndi 27.5 kapena 29 nyamulani machubu anu awiri, ndipo ngati tayala layamba kutha gulani lina ku Lilongwe musananyamuke.

Valavu nayonso. Yopyapyala ija ya Presta pampu ya mmisiri wa kumudzi siigwira. Pali kachitsulo kakang'ono kopotera pamwamba pake kuti igwirizane ndi pampu ya galimoto, gulani kawiri, kena musunge m'chikwama cha ndalama.

Mwera22
Ankolo Fundi mwafotokoza bwino, koma ine ndikuti machubu ndi zakale. Ndangosintha njinga yanga ya 29 kuti ikhale tubeless, matayala opanda chubu. Mumathiramo mankhwala amadzimadzi, munga ukabaya mankhwalawo amatseka bowo okha uku mukupalasa. Ndinayenda m'njira za ku nkhalango ya Kuti komwe kuli minga yambiri, pobwera ndinazula minga patayala koma mpweya sunaphwe. Mankhwalawo ndinaitanitsa kudzera mwa mnzanga, tepi ya pa limu ndi mavalavu ndinapeza ku Lilongwe.

Fundi_Masipoko
Mphwanga, zimagwiradi, ndaziona. Koma kutentha kwa kuno mankhwalawo amauma msanga, ikamafika Okutobala mupeza atasanduka mphira m'katimo. Muzigwedeza tayala n'kumvetsera ngati muli madzi. Komanso mwala ukacheka m'mbali, mankhwala satseka. Pamenepo mufunabe chubu, ndipo musanaiike muyambe mwazula minga yonse yomwe inakhala patayalapo, apo ayi chubu chatsopano chiphwa pompo.

Mwera22
Chubu ndimanyamulabe chimodzi, musadandaule.

Dala_la_Benga
Ana anga, ine ndakhala pa njinga kuyambira msewu uno usanafike pomwe ulipa. Chomwe ndagula chaka chino ndi tayala limodzi la Schwalbe Marathon la 26, ndinalipeza pakaunjika ku Lilongwe lili pa wilo ya njinga yothyoka. Lili ndi mphira wina m'kati wotchinga minga. Ndi lolemera, koma ndaika kumbuyo komwe kumakhala katundu, ndipo chigulireni sindinamatepo. Kutsogolo ndasiya la wamba. Ndagulanso galasi loonera kumbuyo. Limeneli ndiye ndikukupemphani nonse mugule musanagule zina zonsezo. Msewu wathu wa M5 ndi wopapatiza, m'mbali mwake phula linadyeka, ndipo magalimoto akuluakulu a shuga ochokera ku Dwangwa akakumana ndi basi, wa njinga ndiye amafunika kutsika. Ukaona pagalasi msanga umatsika mwaulemu posankha malo abwino. Ukadzidzimuka ndi hutala umagwera m'dzenje.

Chemwali_wa_Chia
Madala mwanena zoona. Makamaka pa milatho ing'onoing'ono ija.

Kabaza_KamuzuRoad
Galasi ndi belu. Pamenepo tagwirizana.

WaKuLifuwu
Za tenti palibe wayankha. Ine ndinagula yanga m'belo, ya anthu awiri. Mfundo yanga ndi imodzi: gulani yomwe imaima yokha ndi timitengo take popanda kukhomera zikhomo. Kunyanja kuno pansi ndi mchenga, zikhomo zimazuka mwera ukangoyamba. Yoima yokha mumaika katundu m'makona n'kugona. Zingwe zake mumamangirira ku jumbo yodzaza mchenga n'kuikwirira. Muonenso kuti ya m'katiyo ikhale ya neti yambiri, chifukwa ya nsalu yokhayokha simungagonemo kuno, mutuluka pakati pausiku thukuta lili kamukamu. Pogula pakaunjika muiimike pomwepo pamsika. Wogulitsa akakana, isiyeni. Zambiri zimabwera timitengo tosakwana, kapena zipi yakufa, kapena nsalu yapamwamba ikumata m'manja n'kumanunkha, kusonyeza kuti zotchinga madzi zinatha.

Kabaza_KamuzuRoad
Nanga bwanji osangonyamula neti ya udzudzu ndi mkeka? Kapena kulipira resiti hausi? Pa Nkhotakota ndi pa Dwangwa zipinda zilipo.

WaKuLifuwu
Zilipo akulu, ndipo masiku ena ndimagona momwemo. Koma ukafuna kugona ku Sani kapena m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja komwe kulibe chipinda, tenti imakumasula. Neti yokha imafuna pomangirira, ndipo anthu odutsa amakuonera zonse.

Namwino_KK
Ndilowererepo pa za neti. Kaya ndi tenti kaya ndi neti, chachikulu chisakhale ndi bowo, chifukwa malungo kunyanja kuno sayang'ana nyengo. Neti yonyikidwa m'mankhwala ndi yopepuka, nyamulani ngakhale mukukagona m'chipinda cholipira, popeza maneti ena a m'zipindazo ndi ong'ambika. Mukabwerako thupi n'kuyamba kutentha musamati ndi kutopa kwa njinga, kayezetseni.

Ine chomwe ndagula ndi sefa ya madzi ya Sawyer, yaing'ono yokwana m'dzanja. Mumapotera pakamwa pa botolo n'kufinya. Timabowo take ndi 0.1 micron, ndiye imatchinga mabakiteriya, kuphatikizapo a kolera ndi taifodi, komanso tizilombo tina totsegula m'mimba. Mavairasi siyitchinga, amenewo amadutsa. N'chifukwa chake ndimanyamulanso WaterGuard, ndimathira molingana ndi malangizo a pabotolo n'kudikira mphindi 30. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 mmene inavutitsira maboma a m'mbali mwa nyanja. Pamene pali mjigo tungani pamjigo, sefayo ndi ya pomwe mjigo wafa kapena uli kutali. Mapaketi a Thanzi awiri atatu asasowe m'chikwama.

Mwera22
Anamwino, nanga likodzo sefayo imathandiza? Ine ndikafika kunyanja sindingapirire osasamba.

Namwino_KK
Likodzo sililowera pakamwa pokha achimwene, tizilombo take timaboola khungu mukakhala m'madzi. Timachokera mu nkhono zomwe zimakonda madzi odekha, osaya, a bango ndi udzu, pafupi ndi pomwe anthu amachapa ndi kusamba. Ku Chia ndi m'mathiriro a mitsinje ndi malo otero, ndipo kumenekonso kuli ng'ona ndi mvuu. Ngati mwasamba m'nyanja, dzipukuteni msanga, koma musadalire zimenezo. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu pitani kuchipatala mukafotokoze, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapereka molingana ndi thupi lanu. Kumwa tsiku lomwelo mwasambalo sikuthandiza chifukwa mankhwalawo amagwira nyongolotsi zikakula.

Chemwali_wa_Chia
Za ng'onazo musazitenge mwamasewera. Ife a kuno timadziwa madooko oyenera. Funsani asodzi musanalowe m'madzi, ndipo madzulo kukayamba mdima musayandikire n'komwe.

Ntchisi_Chikweza
Inu nonse mukukamba za msewu wosalala wa kunyanja. Ine maganizo anga ndi akuti tikafika ku Nkhotakota tikhote ndi msewu wa M18 kudutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, tikatulukire ku Malomo, kenako Ntchisi. Chifukwa cha ulendo umenewo ndasintha magiya. Ndagula kaseti ya magiya 8 a kumbuyo, giya lalikulu la mano 34, ndipo kutsogolo laling'ono ndi la mano 22. Ndi katundu chikweza chimene chija ukhoza kukwera utakhala pansi. Ndinasankha 8 dala chifukwa tcheni chake chimalowanso pa 6 ndi 7, ndipo sichivuta kupeza. Za magiya 11 ndi 12 ndi zopyapyala, zodula, ndipo chikaduka m'njira palibe angakuthandizeni. Ndagulanso jekete la pakaunjika lotchinga mphepo ndi chikwama chogonamo chopyapyala, poti ku Ntchisi mu Juni ndi Julayi kumazizira, si ngati kuno.

Dala_la_Benga
Mwana wanga, m'nkhalangomo muli njovu zambiri tsopano. Chitengereni a bungwe la African Parks malowa mu 2015, anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Si nkhalango ija tinkadutsa kale osaona kanthu. Safunsa anadya phula. Pitani kaye pageti mukafunse oyang'anira ngati angakuloleni panjinga, ndipo zomwe anene mutsatire. Ine nditapita ku Kasungu chaka chatha njinga ndinaikweza pagalimoto n'kukatsika kutsidya. Sindinaone kuti ndachepa nazo.

Ntchisi_Chikweza
Ndamva madala. Ndifunsa kaye. Akakana tikweza pa matola, chikweza china chikatidikirabe kutsogolo.

Namwino_KK
Muonjezere za kashembe. Ntchentche zimenezi zilimo m'nkhalangomo ndipo zimafalitsa matenda a kaodzera. Zimakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, n'chifukwa chake misampha yake imakhala ya nsalu za mitundu imeneyo, komanso zimatsata chinthu choyenda. Majezi athu a njinga ambiri ndi akuda kapena a buluu, ndipo ndi opyapyala moti zimaluma kudutsa nsaluyo. Ngati mukugula zovala za ulendo umenewo sankhani zotuwa, za manja aatali.

Mpalasi_wa_Senga
Zikwama zanga ndi zakuda zonse ziwiri. Ndiye ku M18 ine ndikwera nawo galimoto.

Kampango07
Pepani ndipatuke pang'ono. Mukafika ku Nkhotakota mukadye kuti kondowole wabwino? Ine ndimadya nsima ya mgaiwa koma ndikufuna ndikalawe.

Chemwali_wa_Chia
Kondowole wabwino ndi wa pakhomo, chinangwa chake chonyikidwa bwino n'kuuma padzuwa osachita nkhungu. Ndi usipa wofutsa kapena chambo cha pa Chia simudzaiwala. Koma mudye madzulo mutamaliza kupalasa. Masana amalemera m'mimba.

Kabaza_KamuzuRoad
Masana ndi mbatata yootcha ndi thobwa. Ife timayendera zimenezo tsiku lonse.

Kampango07
Ndiye kuti sitovu yomwe ndimafuna kugulayi ilibe ntchito? Ndinaona ina ya gasi pa Facebook, yopinda, yokwana m'thumba la malaya.

WaKuLifuwu
Musagule musanadziwe komwe muzipeza tizitini take ta gasi. Sitovu zing'onozing'onozo zimapotera pa kachitini kakekake, osati pa silinda ya kukhitchini, ndipo tizitinito kuno sindinationepo. Ine ndinapanga yanga ya sipiriti ndi zitini ziwiri za zakumwa, kudula pansi pake, kulowetsana, n'kuboola timabowo m'mbali. Sipiriti wa pepo uja amapezeka m'mafamase ndi m'mahadiweya. Imawiritsa madzi a tiyi ndi phala la m'mawa, basi. Moto wake masana suoneka bwino, ndiye musamaonjezere sipiriti musanatsimikize kuti wazima, ndipo musayatsire m'tenti. Imafunanso chotchinga mphepo. Nsima ndi ndiwo gulani m'njira, kapena perekani ufa ndi nsomba kwa eni khomo lomwe mwafikira muphikire limodzi.

Dala_la_Benga
Pamenepo pa eni khomo ndi pofunika. Anyamata ena amangofika pagombe n'kukhoma tenti ngati malowo alibe mwini. Mukafika m'mudzi dzuwa lisanalowe, funsani kwa a mfumu, mupereke moni, munene komwe mwachokera ndi komwe mukupita. Adzakuonetsani pogona, kaya pabwalo pawo, kaya pasukulu kapena patchalitchi. Mukatero njinga yanu ili m'manja mwa mudzi wonse. Kumbukiraninso kuti midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota ndi ya Asilamu, mavalidwe anu akhale aulemu. Pochoka siyani kenakake, shuga kapena sopo.

Chemwali_wa_Chia
Pa mavalidwe ndiyankhulepo kwa amayi anzanga amene amangowerenga osalemba. Ndagula kabudula wa njinga wa siponji pakaunjika, ndinamuchapa ndi madzi otentha. Wasintha zonse, kale ndikapalasa mtunda wautali ndinkasupuka. Amavalidwa popanda china m'kati, chifukwa misoko ya chovala cham'kati ndi yomwe imakhula. Pamwamba ndimavala siketi yaifupi yotakasuka kapena buluku, ndipo chitenje chimakhala pahandulo, ndikangotsika pamsika ndamanga. Chitenje chomwecho ndi chopukutira, chofunda, ndi chotchinga posintha zovala. Kabudulayo muzimuchapa madzulo aliwonse, kuno amauma usiku umodzi. Chishalo chachikulu chofewa chija chimaoneka chabwino koma paulendo wautali chimapweteka kuposa cholimbirako chokwana bwino mafupa okhalira.

Mayi_wa_Awiri
Zikomo achemwali, ine ndine mmodzi wa ongowerengawo. Njinga yanga ndi ya Buffalo, yopanda magiya. Kodi ndingakwanitse nawo ulendowu kapena ndikuchedwetsani?

Fundi_Masipoko
Mayi, mukwanitsa. Buffalo ndi yachitsulo, kaliyala yake inapangidwira katundu wolemera mpaka makilogalamu 100, ndipo msewu wa kunyanja ulibe zikweza zoopsa. Ndi yolemera, ndiye chepetsani katundu. Ndipo njinga yachitsulo ikathyoka wowotcherera aliyense amailumikiza, pomwe za aluminiyamu zimene anyamatawa akunyadira zikang'aluka ulendo wathera pomwepo. Bwerani nayo ndione masipoko ndi buleki musananyamuke.

Chemwali_wa_Chia
Tiyendera limodzi mayi. Ofulumirawo azikatidikira pa Benga.

Mwera22
Ankolo Fundi mwatilasa a aluminiyamu. Koma kupepuka kwake mukukudziwa.

Fundi_Masipoko
Ndikukudziwa, ndipo sindikuti mutaye. Ndikuti dziwani chofooka cha njinga yanu. Inuyo gulani kachitsulo kapadera kopachikapo derailleur, chosinthira magiya cha kumbuyo chija. Kanapangidwa kuti kazipindika kapena kuthyoka njinga ikagwa, pofuna kuteteza felemu, ndipo njinga iliyonse ili ndi kakekake, simungabwereke ka mnzanu. Mabuleki anu ndi a mafuta, nyamulani mapadi ena. A Shimano amafuna mafuta a mineral, musalole wina athiremo buleki fuluwidi ya galimoto, imawononga timphira ta m'kati. Amene muli ndi mabuleki a waya nyamulani waya mmodzi wa buleki ndi wina wa giya, sizilemera kanthu.

Kampango07
Za magetsi bwanji? Ndagula power bank yolembedwa 50,000 mAh pamtengo wotsika kwambiri, koma ikutchaja foni kawiri kokha n'kutha.

Mwera22
Anakuberani achimwene. Yoona ya 20,000 imalemera ndithu m'dzanja ndipo imatchaja foni ya masiku ano katatu kapena kanayi. Yopepuka yolembedwa manambala akuluakulu ndi bodza. Ine ndili ndi ya 10,000 ndi kasola kopinda komwe ndimamanga pamwamba pa katundu. Sola muzitchajira power bank, osati foni mwachindunji, chifukwa mukadutsa pamthunzi foni imasiya n'kuyambanso, mapeto ake siidzaza.

Kabaza_KamuzuRoad
Pa malo ogulitsira aliwonse pali wotchajitsa mafoni kapena wometa wa sola. Mukudya, foni ikudya. Ndalama yake ndi yochepa kuposa sola wanuyo.

Ntchisi_Chikweza
Zoona, koma nyali ndiye musadalire foni. Ndagula yakutsogolo yotchaja ndi USB ndi yofiira yakumbuyo yophethira. Yofiirayo ndimayatsa ngakhale m'mawa kukuchita mbuu. Ndi mwera uno tifunika kunyamuka mbandakucha. Popita kumpoto mphepo izitikankha kumsana, koma pobwerera kuchoka ku Nkhotakota tidzalimbana nayo maso ndi maso, ndipo zikwama zikuluzikulu za m'mbali zimagwira mphepo kwambiri. Pamenepo cha achemwali cha pafelemu chidzapambana.

Mpalasi_wa_Senga
Ndayamba kuona kuti ndiziika zochepa m'zikwamamo n'kuzipinda kwambiri. Mitengo nayo yatilanga, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera. Tenti ya m'sitolo ndaisiya, ndikasaka m'belo monga anenera a ku Lifuwu. Kodi alipo angandiperekeze amene amadziwa kuyang'ana?

WaKuLifuwu
Ndikupita ku Lilongwe Loweruka, tikhoza kukwera limodzi. Tikapanda kupeza yabwino, yanga ndi ya anthu awiri, tigawana, wina anyamule nsalu wina timitengo.

Mayi_wa_Awiri
Ine tenti sindingakwanitse kugula pano. Neti ndili nayo.

Chemwali_wa_Chia
Musagule mayi. Usiku woyamba amayi tikagona kwa azakhali anga ku Chia, neti yanuyo ikwanira. Ku boma tikapeza chipinda tigawane mtengo. Ndikufunanso tikaone mkuyu uja womwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, mfumu ija yomwe inkachita malonda a akapolo, ana anga amandifunsa za mbiri imeneyo.

Dala_la_Benga
Ndiye mukadutsa pa Benga muime, mudzamwe madzi a pamjigo wathu ndi kudzaza mabotolo. Aliyense akhale ndi malo a malita atatu, kaya ndi mabotolo a zakumwa omangidwa ndi legeni kufoloko, zilibe kanthu. Ndalama musadalire Airtel Money kapena Mpamba zokha, malo ena netiweki imavuta ndipo ma ejenti amakhala alibe ndalama, nyamulani zapamanja zing'onozing'ono.

Fundi_Masipoko
Amene mukupita bweretsani njinga sabata imodzi ulendo usanafike, osati dzulo lake, kuti china chikasowa tikhale ndi nthawi yoitanitsa ku Lilongwe. Mubwere mutamanga katundu yense mmene mudzayendere, tiyese kuchoka pano mpaka ku Senga Bay ndi kubwerera. Ndi makilomita pafupifupi 20 mbali imodzi, okwanira kuonetsa bawuti yomasuka ndi chikwama chokhula tayala. A Mpalasi, kaliyala ija bwerani nayo mawa m'mawa magetsi asanazime, wowotcherera ali pafupi ndi shedi yanga. Musaiwale chikwama chimodzi choyesera.

Kabaza_KamuzuRoad
Ku Senga Bay ndipita nawo. Malegeni atsopano ndibweretsera aliyense awiri, ndadula chubu cha galimoto dzulo.